Kalata ya Amai Zuze

Misozi, bwela nalo kuno kope lakolo. Usalibise kumbuyo, ndaliona kale pamene unali kutsuka mbale. Dalitso nawe usaseke, lako ndinaliona mailo, ndipo ndinachita kukhala pansi kuti ndipume. Ana inu mumati mukuphunzila Chingelezi ku masukulu a m'tauni, amene makolo anu amadzitama nawo, koma tsamba lonseli ziganizo zake zayamba ndi mau amodzimodzi. Ine ndinadzuka. Ine ndinasamba. Ine ndinapita. Ine, ine, ine, ngati kondakitala wa minibasi pa Nyimba akuitana Petauke, Petauke, Petauke. Kondakitala ndimamukhululukila, chifukwa ndiyo ntchito yake. Inu mulibe chowilingula. Zala zanu zinazolowela kutokosa foni, mau awili ndi kankhope koseka, basi mwati mwalankhula.

Khalani pansi apa pali mthunzi. Mtedza uwu muziswa uku mukumva, manja asakhale chabe. Ine agogo anu ndinagwila choko zaka zambili, ndipo matenda anuwa ndinawaona atate anu asanamele ndevu. Ndikuuzani zimene zinachitika pa sukulu ina m'dela la Ndake, kumene ndinali kuphunzitsa Chingelezi giledi naini, nthawi imene zipani zambili zinali zitangoyamba.

Nthawi ija inu simungaimvetse. Dziko linali ngati nkhuku zotsegulilidwa khola m'mawa, iliyonse kuthamangila kwake. Aliyense anasanduka wamalonda. Salaula, zovala zogwilitsidwa kale ntchito zochokela kunja, inadzaza msika wa Nyimba, mpaka mlimi wa ku Msanzala ankavala jekete laubweya mu Okutobala, thukuta lili kamukamu, kuti anthu aone kuti ufulu wafika. Chimanga chimene kale chinkagulidwa ndi boma chinkangofumbwa m'matumba podikila ogula amene ankabwela tsiku limene afuna okha. Ku sukulu mabuku analeka kufika. Buku limodzi ankaligwila ana asanu ndi mmodzi, awili akuliwelenga mozondoka. Choko tinkachidula patatu, ndipo ahedi ankachisunga m'thumba la malaya ngati mankhwala. Ndiye mukamati magetsi azima sitingalembe homuweki, ine ndimangoyang'ana kumbali.

Ana anga anali a alimi a chimanga ndi thonje. Kunyumba ankalankhula Chinsenga, pabwalo la sukulu Chinyanja, ndipo Chingelezi chinali ngati nsapato za kutchalitchi, zovala pokhapokha wakakamizidwa. Ena anali ana a anthu othawa nkhondo ku Mozambiki, amene anawoloka malile zaka zam'mbuyomo n'kupatsidwa malo olima. Onsewa polemba anali ndi matenda amodzi. Mau awili aja a Chingelezi otanthauza kuti "kenako", amene iwo ankawatchula kuti endi deni, ndiwo anali chingwe chomangila chilichonse. Ndinapita kumsika endi deni ndinagula mchele endi deni ndinabwela endi deni mvula inagwa endi deni agogo anamwalila. Imfa ya agogo ndi mchele, kulemela kofanana. Ndinkati ndikatha kuchonga makope makumi anayi, m'mutu munkangolila endi deni ngati chigayo.

Ife pa ubwana wathu ku Msanzala tinalibe mwayi wotaya mau chotelo. Tinkalembela pa sileti, kabolodi kakang'ono ngati chikhatho cha munthu wamkulu, kofufuta ndi malovu. Dalitso, usakwinye nkhope, malovu omwewo ndi amene anaphunzitsa agogo ako. Pa sileti pankakwana ziganizo zitatu, ndiye munthu unkayamba waganiza usanakande. Mphunzitsi wathu anali bambo wokalamba, wotsimphina mwendo umodzi, ndipo ankatiuza kuti tizilemba ngati tikulankhula ndi apongozi, mau ochepa, osankhidwa, ndiponso odziwa kumene akupita. Makope otchipa atabwela, ana anayamba kuyesa kuti kudzaza tsamba ndiko kulemba.

Mankhwala anga ku Ndake anali katoni ya sopo. Ndinkaipempha ku shopu, n'kuidula timizele, pa kalikonse n'kulembapo chidutswa cha chiganizo m'Chingelezi. Pena ndinkalemba kuti "amai anga", pena "anapita kumunda wa thonje", pena "dzuwa lisanatuluke", pena "ngakhale mwendo unali kuwawa". Ndinkaimika ana anayi kutsogolo, aliyense atanyamula kake. Awili oyambawo ankagwilana dzanja chifukwa sasiyana, koma enawo ndinkawasuntha, uyu kutsogolo, uyu kumbuyo. Kalasi ikawelenga, ndinkafunsa kuti mwamva chiyani poyamba. Ukatsogoza mwendo, womva amayamba kuwamvela chisoni amai aja asanadziwe n'komwe kumene akupita. Ukatsogoza dzuwa, amayamba wamva kuzizila kwa m'mawa. Mau ndi omwewo, koma amene waima kutsogolo ndiye amanyamula nkhani. Ndinkawauzanso kuti pambuyo pa chiganizo chachitali aziikapo chachifupi, chifukwa chachitali chimasenza katundu, chachifupi n'chimene chimatula.

Lachisanu lililonse aliyense ankaimilila n'kuwelenga zake mokweza. Amene mpweya wam'thela pakati ankadziwa yekha kuti chiganizo chatalikitsa. Amene ankamveka ngati njinga pa msewu wa miyala ankadziwa kuti zake zafupika zonse. Njila imeneyi ndi yochedwa, ndipo ilibe chodzionetsela. Mwana akafika kunyumba sanganene kuti lelo taphunzila mau aakulu akutiakuti. Makolo ena anayamba kudandaula kwa ahedi kuti Madamu Njobvu akuseweletsa ana ndi zinyalala za ku shopu.

Apa m'pamene alowela a Mwape. Anali mphunzitsi wa kalasi inayo ya giledi naini, Mbemba wotumizidwa kuchokela ku migodi, wamfupi, wa nsapato zowala ngakhale m'matope a Febuluwale. Mukudziwa kuti Abemba ndi ambuya athu, timanyozana popanda mlandu, iwo n'kumati ndife odya mbewa, ife n'kumati iwo anamaliza anyani m'nkhalango. Ndiye zonse zimene ndinkawanena anthu ankayesa chimbuya, pamene ine ndinkanena zochokela pansi pa mtima. Munthu uja sankatha kupempha madzi akumwa osayamba wazungulila nyumba. Akafuna kunena kuti mvula ikugwa, ankayambila pa mitambo ya mailo.

Chaka chimenecho kunabwela matenda ena otchedwa wekishopu. Aphunzitsi ankaitanidwa ku Petauke masiku atatu, kukadya nkhuku ndi kumwa zozizilitsa kukhosi, n'kubwelako ndi chikwama chatsopano ndi mau atsopano. A Mwape sankaphonya. Ulendo wina anabwelako ndi pepala la mau makumi awili oyambila ziganizo, aja otanthauza "komabe", "kuwonjezela apo", "ngakhale zili choncho", "chifukwa cha ichi". Mauwo alibe mlandu, inenso ndimawagwilitsa ntchito pamene afunika. Koma iwo anawapukusa pa makina osindikizila a sitensulo, n'kuwamanga kabuku, pachikuto n'kulembapo kuti iyi ndi kiyi ya Chingelezi, n'kumakagulitsa Loweluka pa msika wa Nyimba pakati pa tomato ndi salaula. Chiphunzitso chawo chinali chimodzi. Chiganizo chilichonse chiyambe ndi mau osiyana a m'kabukumo, ndipo chitalike mpaka wochonga mayeso achite mantha.

Tsiku lina ndinatola kope la mwana wa m'kalasi mwawo. Ndikumasulilani mmene analembela. "Ngakhale zili choncho, atate anga ali ndi mbuzi zitatu. Komabe, mbuzizo ndi zakuda. Kuwonjezela apo, imodzi inafa. Mwamwayi, inali yaikazi." Ndinawaonetsa a Mwape, ndikuyesa achita manyazi. Anawelenga akugwedeza mutu, n'kunena kuti mwanayo wayamba kukhwima. Kumeneko si kusintha ziganizo, ana inu, ndi kuveka mbuzi zipewa zosiyana. Koma makolo ankamva ana awo akutchula mau a m'kabuku aja, hawevaa ndi moova, podyela, n'kumati uyu ndiye mphunzitsi. Ana ena a m'kalasi mwanga anagula kabukuko mobisa. Ndinkawagwila pa chiganizo choyamba.

Ngakhale woyendela sukulu anagwa m'mbuna yomweyo. Anabwela pa njinga yamoto, fumbi mpaka m'nsidze, n'kukakhala kumbuyo kwa kalasi ya a Mwape. Ana anaimilila n'kumuimbila mau makumi awili aja pamtima, ngati katekisimu, osaphonya limodzi. Bambo uja anatuluka akumwetulila. Atalowa kwa ine anapeza ana anayi ataima ndi timakatoni, wina akukankha mnzake kuti apite kumbuyo, ndipo anandifunsa mwaulemu ngati tikukonzekela sewelo la tsiku lotsekela. Mu lipoti lake analemba kuti ndiphunzile kwa mnzanga. Ahedi anandiwelengela lipotilo pamaso pa aphunzitsi onse, a Mwape akuyang'ana kudenga ngati woyela wa pa chithunzi.

Mmodzi amene sanagule kabuku kaja anali Lozita Zuze, mwina chifukwa analibe chogulila. Anali mtsikana wamkulu kuposa anzake, wochedwa sukulu chifukwa cha nkhondo, ndipo anafika ku Ndake ali wamng'ono pamodzi ndi amai ake ndi agogo ake aamuna. Ankakhala kumbuyo, pafupi ndi zenela lopanda galasi. Iye matenda ake anali ena. Ziganizo zake zinali zazifupi zokhazokha, ngati nkhuni zowaza. Tinayenda. Tinagona. Tinaona mtsinje. Ndinavutika naye miyezi kuti aphunzile kulumikiza ziwili zikhale chimodzi. Sankakweza dzanja, koma timakatoni tija ankatipempha kupita nato kunyumba, n'kutibweza m'mawa titada ndi zala. Pofika nyengo yotola thonje, nkhani zake ndinkazisunga kuti ndiziwelenge pomaliza, monga mmene munthu amasungila nthuli yabwino pa mbale.

Nkhondo kwawo itatha, kunayamba kubwela malole otenga anthu kubwelela ku Mozambiki. Ambili anapita akuimba. Ena sanafune, ndipo mmene tinamvela ife, wofuna kutsala ankayenela kulemba kalata m'Chingelezi ku ofesi ina ku Petauke, kufotokoza chifukwa chake. Amai Zuze ankafuna kutsala. Sankadziwa kulemba ngakhale dzina lawo, ndiye anachita zimene aliyense m'mudzi akanachita. Anagwila tambala n'kupita naye kwa mphunzitsi wotchuka. Lozita anawauza kuti iye angathe kulemba, koma amai ake anati nkhani ya boma si ya ana. A Mwape analandila tambala, anakhala pa taipilaita ya sukulu masana onse, n'kutulutsa masamba awili odzaza. Amai aja anadinda chala, kalata inapita.

Patapita milungu ingapo, Lamulungu, katekisiti anawelenga m'tchalitchi maina a mabanja amene lole idzawatenga Lachisanu. Dzina la Zuze linali pakati. Lolemba pa nthawi yopuma Lozita anandipeza ndikuchonga makope pansi pa mtengo wa mango, n'kundipatsa pepala la kaboni la kalata ija. Sanalile. Anangoti amai sanadye kuyambila mailo, ndipo akufuna kudziwa ngati m'kalatamo muli chimene chinalakwika.

Ana inu, ndinawelenga katatu, ine mphunzitsi wa Chingelezi, osadziwa kuti banja ili likupita kapena likutsala. Tsamba loyamba lonse linali kutamanda dziko la makolo, kuti palibe mtima wa munthu umene sulakalaka kwawo, kuti mbalame imabwelela ku chisa, kuti kuwonjezela apo nthaka ya Mozambiki ndi yokoma kuposa uchi. Pempho lenileni linali pansi pa tsamba lachiwili, m'kati mwa chiganizo cha mizele khumi ndi umodzi, ndipo linati, ngakhale zili choncho, sitingalephele kusakana kuti kusapita si chinthu chimene sitikuchifuna. Kalaliki wa ku Petauke, amene anali ndi mulu wa makalata patebulo, ayenela kuti anawelenga za chisa ndi uchi n'kuiika pa mulu wa opita. Ine sindimamuimba mlandu. Inenso ndikanawakweza lole ndi manja anga.

Ndinalowa nayo mu ofesi ya aphunzitsi. A Mwape anali kupukuta nsapato ndi pepala la mayeso akale. Ndinawaikila kalata ija pamaso, n'kuwapempha kuti andilozele ndi chala pamene alemba kuti anthu aja akufuna kutsala. Anafufuza, anafufuzanso, kenako anandibwezela.

"Madamu, vuto si kalata," anatelo. "Vuto n'loti maofesi a kuno kum'mawa adzaza anthu osaphunzila."

Aphunzitsi ena anaseka poyesa chimbuya chayamba. Ine sindinaseke. Ndinangowafunsa ngati tambala uja anali wonona, ndipo anati anali wolimba pang'ono.

Ana ataweluka ndinakhala ndi Lozita m'kalasi. Apa ndiulule, chifukwa inenso ndinali ndi kunyada kwanga. Ndinatenga pepala n'kulemba ndekha kalata yatsopano, yosalala, chiganizo chachitali apa, chachifupi apa, china choyamba ndi nthawi, china ndi chifukwa, zonse monga ndinkaphunzitsila. Mumtima ndinkafuna kuti a Mwape adzaione. Lozita anaiwelenga mwakachetechete, n'kuiika pa desiki ndi manja awili.

"Ndi yabwino, Madamu," anatelo. "Koma akandifunsa za m'menemu ndidzayankha ngati mlendo. Ndiponso simunalembe za manda."

Sindinkadziwa za manda. Agogo ake anali atamwalila zaka ziwili m'mbuyomo, ndipo ine, amene ndinkadziwa chilema chilichonse cha ziganizo zake, sindinkadziwa n'komwe kuti nkhalamba ija inapita. Ndinang'amba tsamba loyela pakati pa kope langa n'kumupatsa bolopeni.

Analemba kufikila mthunzi wa mango utafika pakhomo la kalasi. Ankalemba, kufufuta, kuwelenga chamumtima milomo ikugwedezeka. Ine ntchito yanga inali kukonza masipelo ndi kumufunsa funso limodzi lokha, kuti pa mzele uwu ufuna bwana amve chiyani poyamba. Kalata yonse inakwana theka la tsamba. Inayamba ndi chiganizo cha mau anayi a Chingelezi, chonena kuti tikufuna kutsala. Chotsatila chinali chachitali, chonyamula ulendo wonse, kuchokela tsiku limene mudzi wawo unatenthedwa, masiku oyenda m'tchile agogo atabelekedwa ndi anthu osawadziwa, mpaka kufika pa malo amene anapatsidwa khasu ndi mbeu. Ndinachiwelenga mokweza ndipo mpweya unandikwanila ndendende. Pambuyo pake anaika chachifupi, chakuti kumene tinachoka kulibe nyumba.

Kenako panali ziganizo zitatu zotsatizana, zonse zoyamba ndi liu limodzi. Kuno tinaika agogo anga. Kuno amai anga ali ndi munda umene anaswa okha mphanje. Kuno ndidzalemba mayeso mu Novembala. Dzanja langa linapita lokha ku bolopeni yofiila. Chaka chonse ndinali kulalikila kuti mau oyamba asabwelezedwe, ndipo uyu wabweleza katatu pamaso panga. Ndinamuuza kuti chachiwili tichitembenuze, chachitatu tichilumikize ndi chinzake. Anaika chikhatho pa pepala.

"Izi zisiyeni, Madamu. Ndikufuna amve kuti ndi kuno."

Ndinawelenganso mokweza, ndipo bolopeni ndinaibweza m'thumba. Misozi, usatsegule pakamwa, ndikukuona. Iwe wabweleza "ine" chifukwa cha ulesi, sunadziwe n'komwe kuti wabweleza. Lozita ankadziwa njila zina zisanu zolembela mizele ija, ndipo anasankha iyi.

M'mawa mwake ndinauza ahedi kuti ndikupita ku wekishopu ku Petauke. Sanafunse zambili, chifukwa masiku amenewo liu lakuti wekishopu linkatsegula chitseko chilichonse. Tinanyamuka atatu, ine, Lozita ndi amai ake, pa ngolo ya ng'ombe imene inali kupita ndi thonje ku msewu waukulu. Amai Zuze anavala chitenje chawo cha kutchalitchi, anadindanso chala pansi pa kalata, n'kuikulunga m'pulasitiki ya shuga n'kuiika pachifuwa. Minibasi za nthawi ija zinali zatsopano m'dziko koma zokalamba m'thupi, zotayidwa ndi eni ake kutsidya kwa nyanja. Chitseko chinkamangidwa ndi mphila. Tinapanikizana ndi matumba a makala ndi mbuzi imodzi, imene inatiyang'ana njila yonse ngati ifenso tikupita kukagulitsidwa. Inu mukakwela basi ya mipando yofewa n'kumadandaula kuti mulibe potchajila foni, muzikumbuka kuti agogo anu anafika ku Petauke mwendo umodzi uli dzanzi mpaka m'chiuno.

Ku ofesi tinadikila pa benchi kuyambila m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Ndinagula zitumbuwa kwa amai ena pakhomo, koma Amai Zuze anangogwila chawo m'manja mpaka chinazizila. Potsiliza anatiitana bambo wina wamtali, wa magalasi, wochokela kumadzulo kwa dziko, amene Chinyanja chake chinali chothyokathyoka, ndipo nkhope yake inkaonetsa kuti tsiku limenelo wamva madandaulo okwanila. Anati mndandanda wa opita unatsekedwa kale. Ine ndinayamba kufotokoza, koma anakweza dzanja n'kunena kuti ngati pali cholembedwa timupatse.

Anayamba kuwelenga ataimilila. Atafika pakati anakhala pansi. Atamaliza anatsegula kabati, anafufuza, n'kutulutsa masamba awili aja a a Mwape. Anawaika pambali pa theka la tsamba la Lozita, n'kufunsa ngati makalata awiliwa ndi a banja limodzi. Tinavomela. Anafunsanso kuti yachiwiliyi walemba ndani, maso ali pa ine. Ndinaloza Lozita. Anamufunsa mafunso m'Chingelezi, za manda, za munda, za mayeso, ndipo mtsikana uja anayankha onse osacheuka kwa ine. Pomaliza bambo uja anatenga lula, anajambula mzele pa dzina la Zuze, n'kusaina pambali. Anachenjeza kuti mapepala okhalila adzatenga nthawi, ndipo anatengadi zaka, koma lole ya Lachisanu inapita popanda iwo.

Musayese kuti dziko linaphunzilapo kanthu. Mayeso atatuluka, ana a a Mwape anakhoza pafupifupi mofanana ndi anga, mwina ochonga nawonso anachitadi mantha. Kabuku kaja kanafika mpaka m'masukulu a ku Petauke. Patapita zaka zochepa eni ake anasiya choko n'kuimila ukhansala, ndipo anapambana, chifukwa pa msonkhano munthu wolankhula ola lathunthu osanena kanthu ndi amene amaombeledwa m'manja. Zipani anasintha katatu, mofanana ndi mau oyambila ziganizo zawo. Lozita Chingelezi anakhoza kuposa onse pa sukulu, koma masamu anamugwetsa, ndipo malo a giledi teni sanawapeze. Ali ku Ndake mpaka lelo, amalima thonje, ali ndi adzukulu ngati inu. Anthu a kumeneko akafuna kalata yoti iyankhidwe amadziwa khomo lake. Amai ake anamwalila kalekale, ndipo anaikidwa pafupi ndi nkhalamba ija.

Koma ndathamanga, ndasiya za pobwelela. Tsiku lija, minibasi ili pakati pa Petauke ndi Nyimba, Amai Zuze anagwila mkono wa mwana wawo n'kumuuza kuti awafotokozele zimene zinali m'kalata, popeza chala chawo chinali chitadindidwa kawili pansi pa mau amene sanawamve. Lozita ananena yonse pamtima m'Chinyanja, mzele ndi mzele, injini ikulila. Amai aja anamvetsela maso ali panja. Lozita atamaliza, iwo anati kalatayo ndi yabwino, koma chachikulu wachisiya.

Lozita sanafunse kuti n'chiyani. Ine ndi amene ndinafunsa, ndipo m'pamene ndinamva koyamba za atate ake. Tsiku limene mudzi unatenthedwa, bambo uja anatsala m'mbuyo kukamasula ng'ombe, atauza mkazi wake kuti atsogole, awoloke malile, ndipo pamene akaime akamudikile pomwepo, adzawapeza. Zaka zonse zija amai aja sanasunthe pa malo amene anaima.

"Akabwela n'kupeza tapita, adzatifuna kuti?" anatelo.

Lozita anayang'ana manja ake. Anati chiganizo chimenecho anachilemba mailo, chinali chachinayi choyamba ndi kuno, chakuti kuno atate anga adzatipeza, koma anachifufuta asanandionetse, chifukwa Madamu anatiphunzitsa kuti tisamalembe chinthu chimene ife eni sitikuchikhulupilila.

Ine sindikumbukila kuti ndinaphunzitsapo zimenezo. Amai Zuze sanakalipe. Anangokonza chitenje chawo, n'kuuza mwana wawo kuti ulendo wina akadzalemba achiikemo, iwo adzadinda chala.